Mbiya Imene Tinatumiza ku Boma

Mwana wathu Telmo ananena zogwetsa ng'anjo tili pa tebulo, m'kamwa mwake muli mpunga umene ndinaphika ndi manja angawa. Anati chilimwe chikangotha abweretsa amisiri, ng'anjo ya bambo ake yowotchera mbiya igwe, pamalopo amangepo zipinda zogona alendo a ku Jeremani amene amabwera kuno kudzapsa ndi dzuwa. Anati ng'anjoyo yangosanduka nyumba ya nkhunda. Ine ndinamulalatira mpaka mpunga wanga unazizira m'mbale. Amuna anga a Florival anangopitiriza kudya, kenako n'kupempha mchere.

Amuna angawo ndi otero. Ine ndimalankhula, iwo amamva, ndipo takhala choncho kuyambira tsiku la ukwati wathu. Koma kale kusalankhula kwawo kunali kwa munthu wotanganidwa. Mbiya zonse zimene asodzi a gombe lino ankagwirira polovo, nyama ya m'nyanja ya mikono yambiri, zinkachokera pa gudumu lawo loumbira. Mumamangirira mbiya zambirimbiri ku chingwe chachitali n'kuzitsitsa pansi pa nyanja, polovo ndi mikono yake isanu ndi itatu ija amalowamo yekha poyesa watola nyumba yaulere, inu n'kudzangokoka. Ndiye kunabwera mbiya za pulasitiki, zakuda, zopepuka, zosasweka. Asodzi anasiya kubwera mmodzimmodzi, ena ankachita kudzera msewu wakuseri kuopa kukumana nawo maso ndi maso. Ng'anjo inazizira. A Florival anayamba kukhala pa benchi ya kudoko tsiku lonse, manja ali pa mawondo, kumangoyang'ana mabwato. Zinkandipweteka, ndipo ine ndikapwetekedwa ndimakalipa.

Sabata yomwe Telmo ananena zimenezo a Hermínio, apampando a bungwe la asodzi, anaitanitsa msonkhano mu shedi yogulitsira nsomba. A Hermínio ndi munthu wabwino, koma akagwira pepala la boma amatupa ngati nkhukundembo. Anavala magalasi, anatsokomola, ndipo anatiuza kuti boma likukonza malamulo a chizindikiro chatsopano. Polovo wogwidwa mosawononga nyanja azimatidwa kachizindikiro kobiriwira, kuti ogula a m'mizinda akakaona azimugula pa mtengo wabwino. Palibe wokakamizidwa. Bwato lofuna lilowe, losafuna likhale. Koma malamulowo asanakhazikike boma liyenera kumva kaye kwa anthu, choncho aliyense akupemphedwa kutumiza chopereka chake ku likulu, ku Lisboa, mwezi wamawa usanathe.

Chopereka. Mawu amenewo analembedwadi, ndinawaona ndi maso anga, ndipo ndi omwewo amene bambo mfumu amanena pa guwa chikayandikira chikondwerero cha Amayi Maria a asodzi. Nanga ife tikanaganiza chiyani? Kwathu kuno chopereka chimanyamulidwa ndi manja awiri. Wina amabweretsa tambala wamoyo, wina botolo la mafuta a olivi. Msodzi wina anafunsa ngati boma layamba kusauka, a Hermínio anati ayi, ndi ulemu chabe, munthu sungakapemphe chizindikiro chimanjamanja.

Custódia, mnzanga wa mpanda umodzi, amene sangalole kuti ndimupose ngakhale pa kutsokomola, analengeza pomwepo kuti iye atumiza polovo wouma wathunthu. Ena anati nkhuyu zoika mtedza wa amondi m'kati, ena uchi. A Hermínio anasankha kachasu wa kumapiri.

Nditafika kunyumba ndinafunsa a Florival kuti ife titumiza chiyani. Ndinafunsa mongokwaniritsa mwambo, chifukwa keke ya malalanje ndinali nditaiganiza kale. Koma iwo anadzuka, anapita kuseri ku shedi yawo, n'kubwera ndi mbiya imodzi ya fumbi lokhalokha. Anaiika pa nsalu yanga yoyera ya pa tebulo.

"Iyi."

"Bambo inu, mukudwala? Anzathu akutumiza uchi, ife titumizire boma lonse la Portugal mbiya ya akangaude? Mukufuna Custódia andiseke mpaka Khirisimasi?"

Anati ndi yotsala ya moto womaliza, basi. Ndinaipukuta ndikung'ung'udza. Inatuluka yofiira bwino, yonenepa m'mimba, pakhosi pake pali kabowo kosaya ka chala chawo chachikulu monga ankadindira mbiya zawo zonse. Ndinaikulunga mu juzi yawo yakale, ndinalemba dzina lawo pa katoni, ndipo m'mawa ndinakaisiya ku positi. Keke ndinaphikabe, tinadya tokha.

Telmo anabwera Lamulungu. Nditamufotokozera, anayamba wandiyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka anagwira khoma. Mwamuna wa zaka makumi anayi, wa mimba yake, kuseka amayi ake misozi ili mbwembwembwe. Atapezako mpweya anati kwa anthu a ku Lisboa chopereka ndi maganizo. Umalemba zimene ukuganiza pa malamulowo, n'kutumiza pa kompyuta.

"Ndiye mwatumizira nduna polovo wouma, amayi?"

"Wouma ndi wa Custódia. Ifetu tatumiza mbiya, ndipo utseke pakamwapo."

Nkhani inafalikira gombe lonse dzuwa lisanalowe. Asodzi a mudzi woyandikana nawo, amene sitinagwirizanepo nawo chiyambire, ankati akadutsana ndi mabwato athu panyanja amafunsa ngati boma lakhuta. A Hermínio anadzitsekera m'nyumba, akazi awo n'kumauza anthu kuti agwidwa chimfine. Ine ndinasiya kupita ku msika nthawi ya anthu ambiri. A Florival okha ndiwo sanasinthe, benchi yawo yomwe ija.

Patapita masiku angapo, ndikuyanika zovala, ndinaona mayi wina akukwera kamtunda kochokera ku siteshoni, thukuta lili kamukamu, atakumbatira chinthu ngati mwana. Juzi ija ndinaizindikira akadali patali. Ndinati basi, atibwezera, ndipo achita kutuma munthu kuti manyazi akwanire.

Anali mayi wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, wovala nsapato za mphira. Anati dzina lake ndi Mafalda, amagwira ntchito mu ofesi imene ikulemba malamulo a chizindikiro, ndipo akufuna Senhor Florival. Ndinamukhazika pansi pa mtengo wa mphesa, ndinamupatsa madzi ozizira, ndipo ndinakuwira mwana wa Custódia kuti akawatenge kudoko. Custódia mwiniwake anali kale pampanda, akuthirira maluwa amene anali atathirira m'mawa.

Ndinayamba kupepesa. Dotora Mafalda, poti kuno mayi wa madigiri timamutchula Dotora, anandiletsa uku akuseka. Anati mu ofesi mwawo simunasangalalepo chonchi chiyambire. Vuto linali loti lamulo limati chopereka chilichonse chikafika chipatsidwe nambala ndipo chiyankhidwe, koma silinanene kuti chikhale cha mawu okha, poti amene analilemba sankatidziwa ife. Ndiye uchi unapatsidwa nambala, nkhuyu nambala, kachasu nambala. Zonsezo anaziyankha kuti zalandiridwa koma sizikukhudza ndime iliyonse ya malamulo, n'kukazisiya ku nyumba ya okalamba, poti ogwira ntchito m'boma saloledwa kudya mphatso. Polovo wouma yekha ndiye anayankhidwa tsiku lomwelo, chifukwa cha fungo. Ndinatembenuka kuyang'ana kumpanda, koma munthu anali atalowa m'nyumba.

Mbiya ndiyo inawavuta. Anaiika pakati pa tebulo la msonkhano n'kukangana m'mawa wonse. Ena ankati ndi mphatso ngati zinzake. Iye ankati ayi, m'malamulomo muli ndime ya zida zogwirira polovo, ndipo ichi ndi chida, ndiye chikunena kanthu. Pomaliza anamuuza kuti poti walimbikira, apite yekha akafunse mwini wake.

A Florival anafika, anavula kapusi, anakhala pansi. Dotora anawafunsa kuti chopereka chawocho chikuti chiyani. Ine ndinatsegula pakamwa, monga mwa nthawi zonse.

"Pepani, Dona Vitalina," anatero, "pa katoni panalembedwa dzina la bambowa. Ndiyenera kulemba mawu awo."

Ndinatseka. Sindikukumbukira kuti zinandichitikirapo liti.

A Florival anatembenuza kapusi yawo m'manja kwa nthawi yaitali, mpaka ine nsana unayamba kundiyabwa. Kenako anati chingwe chikaduka mbiya zimatsala pansi pa nyanja, ya dothi imasweka n'kubwerera ku mchenga, ya pulasitiki imakhala pompo mpaka adzukulu a adzukulu. Dotora anagwedeza mutu movomereza. Anati zimenezo akuzidziwa bwino, iye mwini anasambirapo mpaka pansi pa nyanja yathuyi n'kuziona zili mbwee. Anati ankafuna kulemba kuti bwato lofuna chizindikiro lizibwerera ku dothi pang'onopang'ono, koma atafufuza anauzidwa kuti woumba mbiya za polovo anatha m'dziko muno. Sangalembe lamulo louza asodzi kugula chinthu chosagulitsidwa paliponse.

Ananyamula mbiya ija n'kuiyang'ana kunsi.

"Ndiye funso langa ndi limodzi, Mestre," anatero, akuwapatsa ulemu wa mmisiri wamkulu. "Iyi mwaumba chaka chino?"

"Ayi. Ndi yakale."

"Ndiye ndikalemba kuti ndi chikumbutso," anatero mofatsa, ndipo ndinaona kuti zamukhumudwitsa. "Chokongola, koma chikumbutso."

Anali atayamba kutseka chikwama. Ine ndinkawayang'ana amuna anga, ndikuwaopseza ndi maso, ndikuwapondanso phazi pansi pa tebulo. Iwo anachotsa phazi lawo bwinobwino n'kufunsa kuti zopereka zikutsekedwa liti. Dotora anati Lachisanu lomaliza la mwezi.

"Mudzabwere Lachinayi," anatero a Florival.

Kunena n'kosavuta. Dothi linayenera kukakumbidwa kuseri kwa phiri, ku munda wa msuweni wawo, ndipo galimoto ya katundu m'banja muno ali nayo ndi Telmo yekha. Ndinamuimbira foni. Anati akubwera chifukwa choti ndine amayi ake, koma tisadzinamize, amisiri anawauza kale. Dothilo tinaliponda ndi mapazi pabwalo, ine nditakwinya siketi, ndipo tsiku lachiwiri Custódia analumpha mpanda n'kulowamo, akuti sangapirire kuona munthu akuponda dothi ngati akuopa kulipweteka. Tinaterereka, tinagwirana, tinagwa tonse awiri chagada. Ndinaseka mpaka m'nthiti munandiwawa, ndipo ndinamukhululukira zinthu zingapo, osati zonse.

Tsiku limene a Florival anakhala pa gudumu ndinayesa kusayang'ana, koma zenera la kukhitchini linayang'ana komweko. Mbiya yoyamba inakwera mpaka pakati n'kupindika. Yachiwiri chimodzimodzi. Manja ankadziwa ntchito, koma bondo linkakana. Gudumu lawo limazunguzidwa ndi phazi, ndipo mwendo umene wakhala zaka pa benchi sungalithamangitse. Yachitatu itagwa anatsitsa manja, akuyang'ana dothilo. Ndinachita mantha enieni. Ndinaona kuti akadzuka pamenepo apita kudoko ndipo sadzabwereranso ku shediyo. Ine Vitalina ndinapita kukhola la nkhuku kukalira kumeneko.

Ndili komweko ndinamva gudumu likulira, ndipo linkalira mofanana, osadukiza. Ndinasuzumira. Telmo anali atakhala pa kreti mbali inayo, atavula nsapato yake ya mtengo wapatali, akupalasa gudumu ndi phazi, nkhope ili gwaa ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa. Bambo ake ankangoti "changu" kapena "pang'ono", ndipo dothi linkakwera pakati pa manja awo, likutupa m'mimba, likuchepa pakhosi. Telmo atandiona anati akungoteteza bondo la nkhalamba, ndisaganize zambiri. Anabwera tsiku lililonse mpaka mashelefu anadzaza, ndipo tsiku lililonse ankanena zomwezo.

Mbiya zikuuma pa mthunzi, tinathamangitsa nkhunda m'ng'anjo n'kumata mng'alu umene unali pafupi ndi khomo lake. Nkhuni zinali zochepa. Tikudandaula choncho, kunatulukira a Hermínio, chimfine chitawathera, akukankha wilibala ya matumba a makoko a amondi, amene amayaka kuposa nkhuni. Kumbuyo kwawo kunali asodzi ena, ena mwa iwo omwe aja ankadzera msewu wakuseri, aliyense ndi thumba paphewa. A Hermínio anatsitsa matumba n'kunena kuti ulendo uno afunsa kaye tanthauzo la chopereka asanabweretse.

A Florival anayatsa moto m'bandakucha. Pofika nthawi ya khofi utsi unali utakwera pamwamba pa mudzi, ndipo nkhalamba zinayamba kutuluka m'nyumba zikununkhiza m'mwamba. Mayi wina wa ndodo ziwiri anachita kunyamulidwa pa mpando kuti adzaone. Ndinawotcha nsomba za sadini pa makala, wina anabweretsa vinyo, wina buledi, ndipo pabwalo panga panasanduka phwando limene sindinaitane. A Florival sanakhale pansi tsiku lonse. Ankasuzumira pa kabowo, kuponya makoko, kulamula amuna akuluakulu ngati ana a sukulu, nkhope ili bii ndi mwaye. Mawu amene analankhula tsiku limenelo anaposa a chaka chathunthu.

Ndiye kudikira kuti izizire. Ng'anjo siitsegulidwa ikadali yotentha, ndipo palibe amene angadziwe zili m'kati. Ine ndinkaizungulira ngati mphaka.

Lachinayi Dotora Mafalda anafika ndi sitima yam'mawa, ndipo theka la mudzi linali litamudikirira kale. A Florival anagumula njerwa za pakhomo la ng'anjo imodziimodzi. Mbiya yoyamba inatuluka yong'aluka kuyambira pakamwa mpaka pansi. Yachiwiri inathetheka m'manja mwawo. Mzere wonse wakutsogolo unali wotero, mphepo inalowera pa mng'alu uja umene tinamata. Ndinagwira dzanja la Custódia, ndipo anandilola.

A Florival sanayang'ane munthu. Analowa m'kati mpaka tinkangoona zidendene. Atatuluka anali ndi mbiya ina, yofiira ngati njerwa yatsopano. Anaikoleka pa chala n'kuigogoda ndi kansonga ka chala china. Inalira ngwee, mawu oyera, otalika, omveka mpaka kumsewu. Anaipereka kwa Telmo n'kulowanso. Ina ngwee. Inanso ngwee. Anthu anayamba kulandirana mbiya dzanja ndi dzanja mpaka kumpanda, aliyense akugogoda yake, mwakuti pabwalo panamveka ngati ng'ombe za mabelu zikutsika phiri. Zabwino zinachuluka kuposa zosweka, kutalitali.

Dotora anatenga imodzi, ikadali yofunda, n'kuikumbatira. Anafunsa ngati angaumbe zokwanira mabwato onse amene angafune chizindikiro.

"Ndekha ayi," anatero a Florival. "Koma phazi ndili nalo kale. Manja ndimuphunzitsa."

Onse anatembenukira kwa Telmo. Iye anafiira mpaka m'makutu, anati palibe amene wamufunsa, ndipo ali ndi bizinesi yoti ayendetse. Koma mbiya imene inali m'manja mwake sanaitule.

Dotora anatiuza mosabisa kuti sakulonjeza kanthu. Malamulo salemba yekha, ndipo opanga pulasitiki nawonso atumiza zopereka zawo, zamasamba ambirimbiri. Chimene angachite n'kukalemba zimene waona. Ananyamula mbiya yatsopano kupita nayo ku Lisboa, yakale ija anatisiyira pamodzi ndi juzi.

Chilimwe chinatha, alendo anapita, amisiri sanabwere. Telmo anati wawaimitsa kaye mpaka malamulo atuluke, poti iye si munthu wopupuluma. Malamulowo anatuluka nthawi ya mvula, ndipo a Hermínio anatiwerengera mu shedi muja, akuima pa mawu alionse ovuta kufunsa ngati tonse tamva chimodzimodzi. Ndime yathu inali yaifupi. Bwato lofuna chizindikiro, mbiya ya pulasitiki ikatayika kapena kutha, lizibwezeretsa ya dothi. Mabwato ena anakana, akuti dothi ndi lolemera ndipo misana yawo si ya boma. Palibe anawakakamiza. Koma ambiri analowa, ndipo a mudzi woyandikana nawo uja, omwe ankatifunsa ngati boma lakhuta, anabwera Loweruka lina atavula zipewa kudzafunsa ngati Mestre angawaikeko pa mzere. Ndinawapatsa khofi. Ndinawafunsanso ngati akhuta.

Zipinda za alendo Telmo anakamanga pamwamba pa galaja yake. Masana amapezeka kuno, ndipo mbiya zake zikadali zopotoka pakhosi, bambo ake amaziphwanya n'kumuuza ayambirenso.

Tsopano m'nyumba mwanga muli dothi paliponse. Pa zitseko, pa mipando, pa chogwirira cha ketulo, ngakhale pa buledi. Bambowa amalowa osapukuta mapazi, amadya akufotokoza za moto ndi mphepo mpaka ine kusowa polowetsa mawu, ndipo dzulo m'mawa ndikutsuka mbale anandigwira kumbuyo kwa khosi ndi manja ozizira a dothi lonyowa, dala, n'kuthawa akuseka ngati mnyamata. Ndinawathamangitsa ndi chikolopa mpaka pa ng'anjo. Custódia anaona zonse ali pampanda, ndipo anati akundimvera chisoni, mkazi wa msinkhu wanga kumakolopa kawiri pa tsiku. Ndinamuuza kuti chisoni chakecho akasungire wina. Ine ndine wokondwa, ndipo dothi limeneli ndizikolopa mpaka tsiku limene adzandinyamule.